Sukulu yopanda belu: mmene magulu a pafoni akusungira ophunzira a ODL

Usiku womaliza wa masabata awo okumana ndi alekichala, alamu anga, amene amachita maphunziro akutali (ODL, Open and Distance Learning) pa Mzuzu University, anafika kunyumba kuno ku Chibavi ndi anzawo asanu. Kunja kunali kamvula kamawawa kaja ka ku Mzuzu, kosagwa kwenikweni koma kosalekanso, ndipo tinawatereka tiyi. Patebulo panadzaza mamojulo, mabuku a maphunziro awo, omangidwa ndi mphira, ndi mafoni 6 olumikizidwa ku ekisitenshoni imodzi. M'mawa mwake aliyense amakwera yake: alamu kubwerera kusukulu ya pulayimale imene amaphunzitsa kumbali ya Euthini, bambo wina ku Chitipa, mayi wina ku Nkhata Bay, mnyamata wina ku Chilumba, awiri otsalawo a mumzinda momwe muno. Ndinkayesa kuti akambirana za mayeso, koma mkangano wawo unali wa tsiku ndi ola.

"Lachitatu madzulo ayi, ndili ndi kwaya," anatero mayi a ku Nkhata Bay.

"Nanga Loweruka m'mawa, madamu?"

"Loweruka n'lochapa. Ana anga mwawaiwala?"

Anamaliza pa Lamlungu, 4 koloko masana. Chinamanga mfundo ndi mawu a bambo a ku Chitipa aja: netiweki amaipeza pakamtunda kena kotalikirana ndi nyumba yawo, ndipo sangapiteko kutada.

Papita zaka ziwiri chichitikireni zimenezi, ndipo onse 6 akadali pasukulu. Ndakhala ndikuonerera kagulu kameneka chapafupi, chifukwa semesita iliyonse alamu amafikira kwathu kuno, ndipo ndafika pokhulupirira kuti ola la Lamlungu lija ndi limene lawasenza kuposa china chilichonse.

Kuphunzira uli kutali si kwachilendo m'Malawi muno. Mu 1965 boma linatsegula Malawi Correspondence College, imene inkatumiza maphunziro a sekondale papositi, ena n'kumamveka pawailesi. Pambuyo pake inasintha dzina kukhala Malawi College of Distance Education, MCDE imene achikulire ambiri amaikumbukira bwino. Chimene chimaiwalika m'mbiri imeneyi n'chakuti ophunzira ake sanakhalitse aliyense payekha ndi envulopu yake. Ankasonkhana m'malo ophunzirira, pansi pa mphunzitsi wowayang'anira, kawirikawiri wa pulayimale, ndipo malowa anakula mpaka mu 1998 boma linawasandutsa ma CDSS amene tikuwadziwa lero. Anthu anapatsidwa mapepala oti aziwerenga kunyumba, iwo n'kudzipezera okha mthunzi woti azikumanapo. Magulu a pa WhatsApp a masiku ano akuchokera mu ludzu lomwelo.

Kuyunivesite nkhaniyi inafika mochedwerapo. Mzuzu University (Mzuni) inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1997, ndipo ophunzira oyamba analowa mu 1999 ku Luwinga, m'nyumba zimene kale zinali koleji ya aphunzitsi. Nthambi yoona za maphunziro akutali inakhazikitsidwa mu 2006, ophunzira ake oyamba n'kuyamba mu 2011, makamaka pa madigiri a uphunzitsi. Kenako kunadza malo othandizira ophunzirawa ku Karonga, Lilongwe, Balaka ndi Mulanje. Chifukwa chake n'chodziwika kwa kholo lililonse. Chiyambire pulayimale yaulere mu 1994, ana ofika Fomu 4 akhala akuchuluka chaka ndi chaka, pomwe mipando ndi mabedi m'mayunivesite a boma sizinakule pa liwiro lomwelo. Palinso gulu lina lalikulu limene silingasiye ntchito zaka zinayi: aphunzitsi, apolisi, ogwira ntchito m'maofesi a boma ndi m'mabungwe, amene malipiro awo ndi omwenso akulipira fizi. Dongosolo la ODL limawalola kubwera masabata ochepa koyambirira kwa semesita, kutenga zowerenga, kubwerera kuntchito, kutumiza maasayimenti, n'kudzabweranso pamayeso.

Zinthu ziwiri zinakankhira ophunzira a kuno pafoni msanga. Mu December 2015 moto unanyeketsa laibulale ya Mzuni pamodzi ndi mabuku pafupifupi 45,000, ndipo kwa nthawi ndithu buku la PDF lopatsirana linali chuma. Kenako pa 23 March 2020 sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo ngakhale ophunzira ogonera pasukulu anadziwa kwa miyezi ingapo moyo umene a ODL amakhala chaka chonse.

Moyo umenewo ndi wotani? Potsatsa maphunzirowa amati uziphunzira pa nthawi yako, pamalo pako. N'zoona, ndipo n'chimene chimakopa anthu. Koma walira mvula walira matope. Wophunzira wogonera ku Luwinga ali ndi belu, ngakhale losaoneka: tebulo la maphunziro, mnzake wogona naye chipinda chimodzi amene wadzuka kupita kukalasi, anzake amene akudandaula za asayimenti pamzere wa chakudya. Sangaiwale kuti ali pasukulu. Wa ODL akangotsika minibasi kwawo, belu lonselo latsala m'mbuyo. Kumudzi kuli maliro, kumunda kukufunika kupalira, ahedi akufuna masikimu a zophunzitsa, mwana watentha thupi. Chilichonse mwa izi chili ndi mwini wake wochikumbutsa. Mojulo yokha ndi imene ilibe pakamwa. Imakhala phee pamwamba pa kabati, ndipo "ndiwerenga mawa" amabala mnzake mpaka tsiku lopereka asayimenti litatsala masiku atatu. Ambiri amene amasiyira panjira maphunziro otere sikuti mutu wawo ndi wofooka ayi. Amangozilala pang'onopang'ono popanda wowaona.

Katswiri wina wa maphunziro akutali, Michael G. Moore, anayamba kufotokoza m'zaka za m'ma 1970 kuti mtunda umene umavuta pa maphunzirowa si wa makilomita. Mtunda weniweni ndi mpata wa kusamvana pakati pa wophunzitsa ndi wophunzira, ndipo umakula kukambirana kukachepa, n'kufupika kukambirana kukachuluka. Munthu atha kukhala ku Katoto, ulendo wa kabaza kukafika ku Luwinga, koma n'kukhala kutali kwambiri ndi maphunziro ake kuposa wa ku Nthalire amene ali ndi womufunsa sabata iliyonse. Mfundo imeneyi imandithandiza kuweruza gulu lililonse la pa intaneti ndi funso limodzi: kodi muno anthu akukambirana, kapena akungotumizirana zinthu?

Pofunika kusiyanitsa, chifukwa mawu akuti "gulu" akuphimba zinthu zitatu zosiyana. Choyamba ndi bwalo la yunivesite yeniyeniyo. Mayunivesite ambiri, a kuno ndi akunja, amagwiritsa ntchito Moodle, pulogalamu yaulere imene inayambira ku Australia ndipo inatuluka koyamba mu 2002. Pamenepo lekichala amaika zowerenga sabata ndi sabata, amatsegula malo a mafunso, amalandira maasayimenti, ndipo kompyuta imalemba tsiku ndi ola limene munthu wapereka ntchito. Ubwino wake ndi dongosolo: chimene chinaikidwa mu sabata yachiwiri uchipeza pomwepo mu sabata ya 12. Pulogalamu yake ya pafoni imalolanso kudawuniloda zowerenga pamene wapeza netiweki n'kukaziwerenga kopanda netiweki, chinthu chimene ophunzira ambiri sachidziwa.

Chachiwiri ndi gulu lalikulu la kalasi pa WhatsApp, limene woimira kalasi (class rep) amatsegula tsiku loyamba. Limeneli ndi limene limakhala lamoyo, ndipo chifukwa chake chili m'thumba. Makampani a mafoni amagulitsa mabandulo a WhatsApp yokha pamtengo wotsika kuposa a intaneti yonse, ndiye munthu amatha kukhala pa WhatsApp mwezi wathunthu koma osatha kutsegula linki ya Moodle. WhatsApp imapiriranso netiweki yofooka: uthenga umadikira m'foni n'kudzanyamuka wokha kamphepo kakawomba. WhatsApp sifuna pasiwedi, sifuna maphunziro, agogo omwe amaidziwa. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, wa malipiro a uphunzitsi anayamba kuwerengera kwacha iliyonse, ndipo kusiyana kwa mabandulo awiriwa kunasanduka kusiyana kwa kulowa m'kalasi ndi kutsala panja.

Koma gulu lalikulu si malo ophunzirira. WhatsApp imalola anthu mpaka 1,024 m'gulu limodzi, ndipo ngakhale mutakhala 150 okha, n'chimodzimodzi msika wa Zigwagwa: zonse zilimo, koma kuti upeze chimene wadzera uyenera kupyola phokoso. Pali mavesi a m'mawa, mauthenga a maliro, wogulitsa mpunga wa Kilombero, mpira wa dzulo, ndipo funso labwino la munthu wina limamira pansi pa zonsezi. Olankhula amakhala omwewomwewo, asanu kapena khumi. Enawo amawerenga mwakachetechete, ndipo mayi wa zaka 45 amene sanamvetse ndime ina safunsa pamaso pa anyamata ongochoka kumene ku Fomu 4.

Mphekesera nazo zimathamanga. Tsiku lina alamu anandiimbira mawu akunjenjemera. Wina anali atafowada uthenga pagulu lalikulu woti tsiku lopereka asayimenti lasunthidwa ndi sabata imodzi, iwo n'kupumira m'mwamba, kupita kukathandiza pa chinkhoswe cha mphwawo. Uthengawo unali wa kalasi ina. Anazindikira kutatsala tsiku limodzi, ndipo analemba usiku wonse pa kuwala kwa tochi. Wofowadayo sanafune kupweteka aliyense, anangoona uthenga n'kuganiza kuti akuthandiza. Mapanga awiri avumbwitsa. Chidziwitso chikamachokera pa Moodle, pagulu la kalasi, pagulu la chaka chonse ndi kwa mnzako wa pafoni, umafunika kudziwa kuti phanga lenileni ndi liti. Magulu anzeru amakhala awiri: lina lotseka, lolemba adimini yekha, la zidziwitso zochokera kwa alekichala basi, lina la macheza.

Chachitatu ndi chimene nkhani ino yagonapo: kagulu kakang'ono kokambirana phunziro. Kuyunivesite kuli kaphunzitsidwe ka mitundu iwiri. Pali pamene lekichala amayankhula ambiri n'kumamvetsera, ndipo pali pamene ochepa amakhala pansi ndi funso, aliyense n'kuyesa kuyankha, wina n'kumutsutsa, wowatsogolera n'kumawongola. Mtundu woyambawu mojulo kapena vidiyo itha kulowa m'malo mwake bwinobwino. Wachiwiriwu ulibe cholowa m'malo. Open University ya ku Britain, imene inakhazikitsidwa mu 1969 n'kulandira ophunzira oyamba mu 1971, inazindikira izi kuyambira pachiyambi: maphunziro ankapita pa TV, pawailesi ndi papositi, koma wophunzira aliyense ankapatsidwa mphunzitsi womutsatira pamodzi ndi kagulu ka anzake. Kuno kwathu, lekichala mmodzi amatha kusenza makalasi a ophunzira mazana, a pasukulu ndi a ODL omwe, ndiye nthawi zambiri kagulu kotere ophunzira amayenera kudzipangira okha.

Akapanga, funso loyamba limakhala lakuti azikumana bwanji. Njira ina ndi yokumana onse pa ola limodzi, pa Zoom, Google Meet kapena kuimbirana pa WhatsApp. Ina ndi yoti aliyense aziponya mawu ake pamene wapeza mpata, mnzake n'kudzayankha mwina patapita maola. Anthu ambiri, makamaka a m'tauni, amaganiza kuti yoyambayo ndiye sukulu yeniyeni chifukwa mukuonana nkhope. Ine ndikuona mosiyana. Msonkhano wa vidiyo wa ola limodzi umadya mamegabaiti mazanamazana, pomwe uthenga wa mawu wa mphindi imodzi pa WhatsApp sukwana ngakhale megabaiti imodzi. Zoom yaulere imadula pakatha mphindi 40. Ndipo vidiyo imafuna netiweki yosadukiza, imene kumapiri a Chitipa kapena m'mbali mwa nyanja kupita ku Usisya si ya tsiku lililonse. Gulu likasankha vidiyo, limakhala litasankhanso, mosadziwa, amene atsale. Wa ku Area 1B amva zonse, wa kumudzi amva mawu oduka ngati wailesi yotha mabatire, ndipo pakatha masabata atatu asiya kulowa, osanena chifukwa.

Moto wa foni nawo ndi nkhani. Kalembera wa 2018 anapeza kuti makomo pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndi amene amawunikira magetsi, ndipo ambiri mwa makomowo ndi a m'tauni. Aphunzitsi ambiri a kumidzi amadalira kasola kakang'ono, kapena amakatchajitsa kumalo ometera tsitsi pa msika. Ngakhale a m'tauni akukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Foni ya wophunzira wa ODL ndi buku, ndi kope, ndi tochi, ndi banki. Batire lake ndi lowerengera.

Koma njira yoti aliyense pa nthawi yake ilinso ndi msampha, womwe uja wa mojulo ya pakabati: popanda ola lokhazikika, "ndiyankha mawa" amabweranso. Kagulu ka alamu kanapeza njira ya pakati, ndipo ndiifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa ndikuganiza kuti ena atha kutolapo kanthu.

Lolemba, amene ali ndi udindo sabata imeneyo amaponya mafunso atatu ochokera pa mutu umene akuwerenga. Udindowu umazungulira ngati chipereganyu, palibe wokhala mtsogoleri mpaka kalekale. Pofika Lachisanu aliyense ayenera kukhala atayankha funso limodzi, mwa kulemba kapena kujambula mawu osapitirira mphindi zitatu. Wolemba pamanja amajambula pepala lake, bola chithunzi chioneke. Loweruka ndi lomvetsera za anzako. Lamlungu 4 koloko onse amakhala pafoni nthawi imodzi, koma osaimbirana: amalemberana ndi kutumizirana mawu kwa ola lathunthu. Wa netiweki yodukiza satsala, chifukwa ikabwerera amapeza zonse zikumudikira. Potsiriza, wa udindo uja amalemba mfundo zimene agwirizana ndi zimene zawakanika, ndipo zowakanikazo amazitumiza kwa lekichala mu uthenga umodzi, m'dzina la onse 6. Kuimbirana amachita mayeso akayandikira basi.

Lamlungu lina alamu anali kwathu kuno, ndipo ndinamvetsera nawo. Phunziro linali la jogalafe, za mvula imene imagwa mphepo ikakwera phiri. Mojulo inali ndi chithunzi cha phiri ndi mivi, ndipo alamu anavomera kuti analoweza mawu ake koma sanali kuona chimene akunena. Mayi a ku Nkhata Bay ndi amene anamasula. Anajambula mawu, tambala akulira kumbuyo kwawo: "Madamu, kuno kwathu mvula imagwa mpaka April, May, chinangwa ndi nthochi zili biriwiri. Inu ku Euthini nthawi imeneyo fumbi layamba. Pakati pa ine ndi inu pali chiyani?" Alamu anakhala chete pang'ono, kenako n'kunena mokweza, "Viphya!" Mphepo yonyowa yochokera kunyanja imakwera mapiri a Viphya, imazizira, n'kukhuthula mvula mbali ya Nkhata Bay ndi Mzuzu, ndipo ikamatsikira kuchigwa cha South Rukuru imakhala itauma. Anakhala zaka zambiri kuseri kwa chithunzi cha mu mojulo chija osadziwa. Mnyamata wa ku Chilumba anafunsa chifukwa chake kwawo n'kosiyana ndi ku Livingstonia kumapiri kuja, ndipo mkangano unapitirira mpaka ola linatha.

Zinthu ziwiri zinachitika pamenepo zimene mojulo payokha singachite. Wofotokozayo anakakamizika kukonza maganizo ake kuti mnzake amve, ndipo palibe njira yoposa imeneyi yodziwira ngati wamvetsadi chinthu. Komanso anthu anali omasuka ndi chiyankhulo. Maphunziro ndi mayeso zili m'Chingerezi, ndipo ziyenera kulembedwa m'Chingerezi. Koma pagulu lawo amayamba m'Chingerezi, zikavuta amalowa m'Chichewa, bambo a ku Chitipa n'kuponyamo Chitumbuka, mayi aja ka Chitonga, mpaka mfundo ilowe. Ikalowa amabwerera n'kufunsana kuti, "Tsono pamayeso tilemba bwanji?" Ena amanyoza kusakaniza kotere. Ine ndimakuona ngati mlatho umene munthu amaolokera kupita ku Chingerezi chomveka, m'malo moloweza ziganizo zimene sakuzimva.

Kuchepa kwa anthu kuli ndi ntchito yake. Pa anthu 6, wosayankha amaoneka. Pa anthu 20 amabisala. Ndipo m'kagulu kakang'ono manyazi amachepa, munthu amatha kunena kuti "sindinamve, bwerezani" kachitatu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma kuti munthu wamkulu, woti kusukulu kwake ana amamuimirira akalowa, avomere kuti sakudziwa, pamafunika malo amene akudziwa kuti sasekedwa.

Pali zimene zimapha timagulu totere, ndipo zina n'zowawa kuzitchula. Nambala ya foni ya mayi ikalowa pagulu, pamapezeka amuna ena amene amayamba kumulembera kumbali usiku, nkhani zosakhudza sukulu. Amayi ena amatuluka m'magulu pa chifukwa chimenechi, ena amatulutsidwa ndi amuna awo kunyumba amene akukayikira mauthenga obwera pakati pa usiku. Lamulo la 2016 loona za kugwiritsa ntchito intaneti, Electronic Transactions and Cyber Security Act, limaletsa kuzunza munthu kudzera pa zipangizozi, koma nkhani isanafike kutali chotero gulu lenilenilo liyenera kudziikira malire: za sukulu zikambidwe pagulu, ndipo ola la mauthenga likhale lodziwika. Tisaiwalenso kuti "nthawi yako" ya mayi wapabanja imayamba mbale zitatsukidwa ndi ana atagona. Gulu loika msonkhano 6 koloko madzulo, nthawi ya nsima, laganizira abambo okha.

China ndi malire a kuthandizana ndi kukopera. Apa ophunzira ambiri amagwa osafuna. Kukambirana funso la asayimenti, kulozerana buku, kutsutsana pa tanthauzo la mawu, zonsezi ndi sukulu. Kutumizirana fayilo yomalizidwa kuti mnzako "angoona mmene wayalira" ndi chiyambi cha tsoka, chifukwa wotopa amene watsala ndi usiku umodzi sangoona. Maasayimenti awiri ofanana akafika patebulo la lekichala, wolemba ndi wokopera amalangidwa limodzi. Chibwerereni ChatGPT, pulogalamu yolemba yokha mayankho, kumapeto kwa 2022, pabweranso mtundu wina: munthu amaponya pagulu yankho losalala bwino, la Chingerezi chapamwamba, koma ukamufunsa kuti atanthauzanji pa ndime yachiwiri amasowa chonena. Apa uthenga wa mawu umathandiza. Kagulu ka alamu kali ndi lamulo loti asayimenti yolembedwa siponyedwa pagulu isanaperekedwe, ndipo wofuna thandizo afotokoze ndi pakamwa pamene wakakamira. Pamapeto pake mayeso amalembedwa m'holo, aliyense ndi cholembera chake, ndipo amene anadutsa semesita pamsana pa anzake amakumana ndi sapu (mayeso achibwereza) kapena kubwereza phunziro.

Wodya za eni amakhalaponso: amene amatsegula mauthenga onse, timizere tiwiri tija n'kusanduka tabuluu, koma osaponyapo kalikonse. Si onse amene ali aulesi. Ena bandulo yawathera, ena akudwazika, ena angotaya mtima. Musanamuchotse munthu pagulu, muimbireni.

Alekichala ali ndi gawo lawo, ndipo silifuna ndalama zambiri. Amene amanena poyera kuti "mafunso anu ndiziyankha Lachiwiri ndi Lachisanu" amathandiza kuposa amene amalowa pagulu nthawi iliyonse kwa masabata awiri kenako n'kutopa, pakuti nayenso ndi munthu, sangayankhe mauthenga a ophunzira mazana usiku ndi usana. Fayilo yaing'ono ya PDF ndi yachifundo kuposa vidiyo ya ola limodzi. Mawu ojambulidwa a mphindi zisanu ofotokoza pamene ambiri analakwitsa pa asayimenti amafika kwa aliyense, mpaka ku Likoma. Ndipo ndikanakonda kuti pa masabata okumana aja pazipatulidwa ola limodzi loti ophunzira apange timagulu tawo akuonana maso, chifukwa gulu la anthu amene anamwera tiyi limodzi silifa msanga ngati la manambala osadziwana. Oti alibe mnzawo, monga wofika mochedwa kapena wamanyazi, asasiyidwe kuti adzionere okha.

Pali zimene foni singathe. Wophunzira sayansi ayenera kugwira botolo mu labotale, wa uphunzitsi ayenera kuima kutsogolo kwa kalasi womuyesa atakhala kumbuyo, ndipo palibe gulu la WhatsApp limene lingalowe m'malo mwa zimenezo. Gulu lithanso kugwirizana pa chinthu cholakwika, onse 6 n'kusokera limodzi mosangalala, n'chifukwa chake uthenga wopita kwa lekichala uja ndi wofunika.

Semesita yathayi, bambo a ku Chitipa aja anasowa Lamlungu ziwiri zotsatizana. Mauthenga amaonetsa kamzere kamodzi, foni yosapezeka. Alamu anakumbukira kuti usiku uja ku Chibavi aliyense analemba papepala nambala yachiwiri, ya munthu wapafupi naye. Anaimbira nambala imeneyo, ya mphunzitsi mnzawo wa pasukulu yomweyo, ndipo anamva kuti foni inagwera m'madzi bamboyo akuoloka mtsinje, ndipo ndalama yogulira ina inali itapita ku fizi ya mwana. Anali atauza kale akazi awo kuti chaka chino apumira kaye.

Asanuwo anasonkha pa Airtel Money ndi pa Mpamba, ndalama yosakwana foni yatsopano koma yokwana kukonzetsa yakaleyo ku boma. Podikira, mnyamata wa ku Chilumba ankalemba mfundo za Lamlungu lililonse n'kuzitumiza ku foni ya mphunzitsi mnzawo uja, amene ankapita nayo kwa bamboyo Lolemba pa nthawi yopuma kuti akopere m'kope. Zinatero masabata anayi.

Pa mayeso anafika ku Mzuzu ndi basi ya usiku, atazizidwa, chikwama cha mamojulo pamutu. Anagona pabalaza pathu pano, ndipo m'mawa ndikuwapatsa madzi osamba ndinaona kope lija patebulo: masamba odzaza ndi zolemba zawo, pamwamba pa tsamba lililonse deti la Lamlungu. Alamu anatuluka m'chipinda atavala kale juzi, n'kuyang'ana wotchi.

"Fulumirani, bambo. Enawo akutidikira pa geti."